Adyo wa Apongozi Anga

Chaka chatha tsopano chiwaikire m'manda apongozi anga, Bambo Yohane Sakala, ndipo mkwiyo wanga pa iwo sunathe. Ndikudziwa kuti womwalira sakwiyiridwa. Abusa ananena, mkazi wanga Esinati amanena, inenso ndimadziuza. Koma sabata yathayi chimfine chinandigwira. Esinati anawiritsa masamba a bulugamu, nandifunditsa bulangeti pamwamba pa mphika monga ankachitira atate ake. Mphuno zitatseguka, choyamba kulowa chinali mkwiyo womwe uja. Mankhwala awo akugwirabe ntchito. Mwini wake ndiye kulibe, ndipo chimene chinawatenga chinali chopeweka.

Pa maliro awo anthu anaseka kwambiri. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Mbuya wako amaloledwa kukunyoza, kukutcha iwe ngakhale uli ndi imvi, kulowa m'nyumba mwako osaodira. Iwe sukwiya, umangobweza. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Pa maliro ambuya ndiwo amaphika, amapaka anamfedwa ufa kumaso, ndi kuseka womwalira kuti chisoni chipepuke. Mbuya wamkulu wa aSakala anali Bana Mwape, mayi wa Chibemba wogulitsa nsomba pa msika wa Nangongwe, amene malemu amuna ake anagwira ntchito ya njanji pamodzi ndi apongozi anga. Bokosi litatulutsidwa panja, anaima pafupi nalo manja ali mbuu ndi ufa.

"Ninakuuza iwe wakudya mbewa! Manje ona, wagona monga nsomba ya pa Chanyanya. Uka, tiye ukadye adyo wako!"

Anthu anaseka, ngakhale amene ankalira. Ine sindinaseke. Ndinkadziwa tsiku limene anawauza, chifukwa ndine ndinamutuma.

ASakala anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito kuno ku Kafue. Ankalumikiza ndi kumasula mabogi pa siteshoni, n'chifukwa chake anzawo akale ankawatcha Ba Shanta. Anali aafupi, a mapewa otambalala, osowa chala chimodzi chimene bogi inadya. Atapuma pa ntchito anakhazikika ku Nangongwe. Kuseri kwa nyumba, pamene anansi ankamanga zipinda zochititsa lendi, iwo analima. Munali udzu wa tiyi uja wonunkhira ngati ndimu, jinja, alovera, mizere ya adyo, mtengo wa mandimu ndi wa gwafa. Pakati pake panali benchi ya thabwa lolemera la pansi pa njanji, lakuda ndi mafuta akale. Apo ndi pamene ankalandirira anthu.

Sanali sing'anga, ndipo wowatcha choncho ankamuonetsa geti. Analibe nsupa, sankalota za anthu. Ankati ali ndi masamba amene mayi awo ankathyola ku dimba, basi, ndipo aliyense wa manja akhoza kuwadzala. Funso lawo linali limodzi: pakupweteka pati? Ankafuna uloze ndi chala. Ukaloza pakhosi, jinja ndi ndimu, ndi uchi ngati ulipo. Ukaloza mphuno, bulugamu ndi bulangeti. M'mimba mukasokonezeka chifukwa cha zimene wadya pa msika, masamba anthete a gwafa, pamodzi ndi chidzudzulo chakuti usiye kudya zoterapo ntchentche. Wopsa pang'ono ndi mbaula ankamudulira alovera. Sankachulutsa mawu. Ankathyola, n'kukuika m'manja, n'kukuuza kuti ubwere udzanene mmene wagonera.

Odwala amene ankawakonda kwambiri anali osatha kuloza. Fakitale ya nsalu itatsekedwa, amuna ambiri kuno anayamba kudandaula za mutu wolemera, khosi louma, tulo tosabwera. Wotere akafika pa benchi n'kumayendetsa dzanja thupi lonse, aSakala ankadziwa kuti ndi kuganiza kwambiri. Sankamupatsa chakumwa kaye. Ankamupatsa khasu kapena chitini chothirira, n'kumusonyeza mzere. Thukuta likatuluka, ndiye tiyi wa udzu, ndi kukhala chete pa benchi mpaka kapu itatha. Ena ankayenda nawo m'mawa kulowera ku mtsinje, osakamba za ntchito, osakamba za lendi, kungoona mabwato ndi kubwerera. Ankati maganizo ali ngati bogi yomasuka pa njanji yotsetsereka. Ukaisiya yokha imathamanga mpaka ikaphwanye zinthu. Ukailumikiza ku chinthu cholemera imayenda mwaulemu.

Inenso anandichitapo zimenezi chaka china ntchito itandivuta ku Lusaka. Sanandifunse kanthu. Anangouza Esinati kuti munda ukufuna mwamuna Loweruka. Ndinalima, ndipo ndinagona tulo timene ndinali nditaiwala.

Ankadziwanso polekezera, ndipo ichi ndicho chimandiwawa kuposa zonse. Tsiku lina kunabwera Kelvin, bambo wachichepere wa nyumba yoyandikana nawo, wa matchalitchi atsopanowa. Anali ndi mkazi wake ndi kamwana kotentha thupi. Anali atapemphera kwa masiku, ndipo analowera kuseri kuti anzake a ku tchalitchi asamuone akupempha masamba. ASakala anagwira mwanayo m'khosi, namuyang'ana m'maso.

"Ichi si cha m'munda muno. Nyamukani."

"Ba Shanta, tipaseniko chabe tumasamba," anatero Kelvin. "Vinangu Mulungu azachita."

"Mulungu ali ku kiliniki, wafikako kale m'mawa. Muzipemphera muli m'minibasi."

Anavala chipewa, nawaperekeza mpaka pa msewu, osachoka mpaka minibasi itanyamuka. Anali malungo. Mwanayo lero ali pa sukulu. Ambiri anathamangitsidwa chimodzimodzi: wa chifuwa chosatha, wa chilonda chosapola, mayi woyembekezera wotupa mapazi. Kwa onsewa aSakala analibe tsamba, anali ndi chala choloza ku msewu.

Munthu ameneyu ndiye anakana mapiritsi ake a BP.

Matenda othamanga magaziwa anawapeza nawo akazi awo akali moyo. Mayi aja sankakambirana nawo. M'mawa uliwonse ankaika piritsi pambali pa kapu ya tiyi, n'kuimirira pomwepo manja m'chiuno mpaka litamezedwa. Atamwalira mayiwo, mapiritsi anayamba kutsala m'mapaketi. Esinati ndiye ankakawatengera ku kiliniki, ndipo ndiye anayamba kuona kuti akale sakutha.

Poyamba aSakala ankati mapiritsiwo amawatayitsa madzi pafupipafupi, moti sangafike ku mtsinje osapatuka, ndipo munthu wamkulu sangamaime m'mbali mwa msewu ngati galu. Esinati anawauza kuti anamwino akhoza kuwasinthira mtundu wina. Sanapite. Kenaka anapeza chifukwa chachikulu, nachimanga ngati khoma. Ankati BP ndi matenda a kuganiza kwambiri. Iwo sankaganiza. Ankalima, ankayenda, ankagona bwino. Nanga BP ilowera pati? Kuti atitseke pakamwa, ankatafuna adyo wamuwisi m'mawa n'kutsitsira madzi a ndimu. Anawonjezera mizere ya adyo mpaka inadya malo a ndiwo.

"Atate, anamwino anati matendawa sapweteka," Esinati anawauza tsiku lina, atagwada pafupi ndi benchi. "Amangokhala chete m'thupi."

"Matenda osapweteka? Loza."

"Sindingaloze, Atate."

"Ndiye ndimwe mankhwala a chinthu chimene ngakhale iwe sungaloze? Ndinakunyamula pa phewa ili kupita nawe ku sukulu. Lero ukhale dokotala wanga?"

Esinati analira. Iwo anamuthyolera udzu wa tiyi kuti akamwe kunyumba, poti waganiza kwambiri.

Ine ndinali mkamwini. Zaka zonse zimene ndinakwatira mwana wawo, sitinadyepo nshima m'mbale imodzi. Iwo akakhala pa benchi, ine ndinkakhala pa kampando kakafupi chapatali, chipewa pa bondo. Ankanditcha apongozi, ine ndinkawatcha Bambo, ndipo nkhani zathu zinali za mvula, za mpira, ndi mmene njanji inaonongekera. Tinkakondana motero. Mkamwini sauza apongozi ake kuti akulakwa, makamaka pa za thupi lawo. Amazungulira.

Ndinazungulira. Ndinawasimbira za munthu wina wa ku ntchito kwathu amene anasiya mapiritsi a BP, nagwa pa masitepe, ndipo tsopano akukoka mwendo. Anamvetsera mwachifundo, napukusa mutu, nandikulungira adyo m'nyuzipepala kuti ndikampatse munthuyo. Kenaka ndinagula kamakina koyezera BP ku Lusaka, n'kutumiza kudzera mwa Esinati. Anathokoza kwambiri, nati mpongozi wawo ndi munthu wodziwa ulemu. Anakaika mu kabati ya magalasi pamodzi ndi makapu a alendo, kali m'bokosi momwemo, n'kuyalapo kansalu koluka. Alendo akabwera ankawaonetsa.

M'tauni yonse ya Kafue panatsala munthu mmodzi amene akanatha kuwayang'ana m'maso ndi kuwauza kuti ndi opusa. Ndinapita ku msika.

Bana Mwape anandiona ndikali patali, ali pakati pa mabeseni a nsomba.

"Iwe ka Mwanza! Wabwera kugula olo wabwera chabe kununkhiza? Kuno sitigulisa makoswe."

Inenso ndine wa kum'mawa, choncho ndinayenera kubweza, apo ayi akanaganiza kuti ndadwala.

"Ndamva kuti anyani afika pa msika, ndati ndidzaone."

Amayi a m'mbali anaseka. Ndinadikira kuti phokoso litsike, kenaka ndinanjuta pafupi ndi beseni ngati ndikusankha nsomba, n'kumufotokozera zonse motsitsa mawu. Anasiya kuingitsa ntchentche. Amuna ake anafa ndi matenda omwewo, ndipo ankadziwa bwino mmene amathera.

"Manje iwe, wakangiwa kumuuza?"

"Ndi apongozi anga, Mayi."

"Ee, naibala. Imwe bakum'mawa na ulemu wanu, muzashikana nawo kumanda." Anapukuta manja pa chitenje. "Nizabwera pa Chibelu. Azanimvera uja, olo afune olo asafune."

Ndinabwerera kunyumba ndili wopepuka. Ndinkaona ngati ndaganiza mochenjera.

Loweruka m'mawa ndinali kale ku Nangongwe, ndikuthirira mandimu kuti ndioneke ngati ndabwera ndi zanga. ASakala anali pa benchi, akusenda adyo ndi kampeni. Bana Mwape analowa osaodira, beseni lili pamutu.

"Iwe Shanta! Ukali moyo? Ine namvera ati wafa, nabwera kutenga mipando."

Nkhope ya apongozi anga inawala. Anaika kampeni pansi ngati munthu amene alendo ake okondedwa afika.

"Ndife ine? Nanga ndani adzakuphunzitse kusamba? Khala uko, ukununkhitsa munda wanga."

"Munda uti? Aka ka thengo? Leta mapilisi yako nione."

Sanadikire yankho. Anatula beseni, nalowa m'nyumba, ndipo tinamva kabati ikutsegulidwa. Anatuluka ndi mapaketi odzaza manja awiri, osatsegula, nawaponya pa mapazi awo.

"Ivi ni vichani? Usunga mbewu? Uzabyala mvula ikagwa?"

Apongozi anga anaseka mpaka kugwira nthiti. Anansi anayamba kusuzumira pa mpanda, poti chimbuya cha awiriwa chinali chodziwika m'dera lonse.

"Ndikusungira iwe. Ndamva kuti nyama ya nyani imakweza magazi."

Bana Mwape sanaseke. Anakhala pa benchi pafupi nawo, chinthu chimene ngakhale mwana wawo sankachita, natsitsa mawu.

"Yohane, nikamba zoona lelo. Bamuna banga, Bashi Mwape, unabaona mwamene banagwela. Naiwe uzagwa so. Uzafa, iwe."

Ndinasiya kuthirira. Kwa kanthawi ndinaona ngati mawuwo alowa. ASakala anamuyang'ana, nayang'ana mapaketi, nayang'ana anthu a pa mpanda. Kenaka anamenya bondo.

"Mwamumva? Mayi uyu wakhala akundiuza kuti ndifa chiyambire tili pa siteshoni. Sabata iliyonse ndifa, sabata iliyonse akutenga mipando yanga. Mipando ikadalipo!"

Ananena zoona. Kwa zaka zonsezo Bana Mwape sanadutsepo pa geti osawalonjeza imfa. Ndiwo unali moni wawo. Tsiku limeneli mawu anali omwewo, ndipo panalibe chowauza aSakala kuti lero ndi lina. Anthu a pa mpanda anaseka, wina nakuwa kuti Bana Mwape abweze. Iye anayesanso.

"Awe, Yohane, leka kuseka. Nipapata."

"Mwaona? Wayamba kupempha. Mbemba akapempha, bisani nkhuku."

Phokoso linakula. Ndinamuona Bana Mwape akulimbana nazo. Koma mbuya akakuponyera mawu pamaso pa anthu sungakhale chete. Anabweza. Ananena za mbewa ndi za chala chodyedwa ndi bogi, ndipo anthu anaombera m'manja. Pomaliza apongozi anga anatola paketi imodzi, natulutsa piritsi, naliimika m'mwamba kuti onse alione, nalimeza popanda madzi, nawerama ngati wovina watha gule.

"Ndamwa chifukwa cha iwe, mkazi wanga wa ku Kasama. Tsopano pita ukagulitse zoola zakozo."

Ndilo piritsi lomaliza limene anamwa ndi dzanja lawo. Bana Mwape atasenza beseni n'kutuluka, apongozi anga anatembenukira kwa ine akupukuta misozi ya chiseko.

"Apongozi, pepani ndi phokosoli. Mbuya wangayu mutu wake suyenda bwino."

"Palibe kanthu, Bambo," ndinayankha.

Pali anthu amene amati ndikanayankhula pomwepo. Mlamu wanga wa ku Solwezi, amene ankangoimba foni n'kuvomera zonse zimene atate ake anena, ndi mmodzi wa iwo. Onenawo sanawadziwe aSakala. Ndikanayankhula, akanandiyang'ana kamodzi, n'kuvala chipewa, n'kulowa m'nyumba. Sakanakalipa. Koma geti likanatitsekekera ine ndi Esinati, ndipo sipakanakhalanso wowaona ngati adzuka. Mapiritsi akanakhalabe m'mapaketi. Ndaganizapo kambirimbiri ndipo sindipeza khomo limene tinalisiya. Mwana wawo anali mwana. Ine mawu anga akanalemera, koma sindinkaloledwa kuwanena. Wololedwa kunena chilichonse, mawu ake analibe kulemera. Amene anali nazo zonse ziwiri anali mayi aja oima manja m'chiuno, ndipo anali kumanda.

Bana Mwape anabweranso kangapo. Zinkatha chimodzimodzi.

Nyengo yozizira itayamba, m'mawa wina Kelvin anasuzumira pa mpanda nawaona atagwa pakati pa mizere ya adyo, chitini chothirira chitagubuduka pambali pawo. Pakamwa panali patapindika. Ndiye anathamangira galimoto, ndiye anawanyamula. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Anakhala masabata angapo osayankhula, mbali yakumanja itafa. Anamwino ankawaika mapiritsi pa lilime, iwo n'kumeza popanda kutsutsa. Ndinkaima kumapazi kwa bedi ndikuonerera, ndipo ndinkafuna kutuluka panja ndikamenye khoma.

Bana Mwape anabwera kudzawaona tsiku la Sabata. Analibe beseni. Anavala chitenje cha ku tchalitchi ndi duku loyera. Anafika pa bedi, nagwada pa simenti, naomba m'manja pang'onopang'ono.

"Ba Sakala, mwashibuka shani, mukwai?"

Anali moni wa ulemu wa kwawo, umene sanawapatsepo chiwadziwireni. Apongozi anga anamuyang'ana ndi diso lamoyo lija, akudikira chitonzo. Mbali yabwino ya pakamwa inali itayamba kale kukonzekera kuseka. Chitonzo sichinabwere. Bana Mwape anangokhala chogwada. Pamenepo misozi ya apongozi anga inatsika, ikulowa m'khutu. Ndikhulupirira kuti ndi tsiku limenelo pamene anamva zimene anauzidwa pa benchi paja.

Titatuluka pa khonde, Bana Mwape anandigwira dzanja. Sananditche ka Mwanza.

"Ninayesa, mwana wanga. Manje munthu akaseka, ine ningachite bwanji? Ni mbuya wanga."

ASakala anamwalira sabata yotsatira.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kunena kuti masamba a aSakala anali bodza. Sanali bodza. Anapoletsa pakhosi pa anthu ambiri ku Nangongwe, anagonetsa amuna amene tulo tinawathawa, ndipo anachita zimenezo osanamiza munthu kuti tsamba lingathe zonse. Anali ndi lamulo labwino, ndipo analisunga pa mwana wa Kelvin ndi pa aliyense wolowa pa geti. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanamuloze ku msewu. Ndikanakonda kukumbukira tiyi wawo ndi nkhani za mabogi popanda china. Koma ndikangomva fungo la adyo pa chiwaya, chimabwera ndi piritsi lija lili m'mwamba, ndi anthu akuombera m'manja.

M'nyumba ya ku Nangongwe tsopano muli alendi. Kabati ya magalasi inabwera kwathu ku Kafue Estates, ndipo kamakina kaja kakadali m'bokosi, poti Esinati safuna kuti kakhudzidwe. Kuseri sikunasinthidwe. Udzu wa tiyi wauma pakati, watsala wobiriwira m'mbali mokha. Mandimu amagwa n'kuolera pansi. Alovera wathyoledwa ndi odutsa mpaka watsala chitsa. Benchi yang'ambika kumapeto, ndipo abuluzi ndiwo amaothera dzuwa pamenepo. Alendiwo akuti anthu amafikabe pa geti, atagwira pakhosi kapena pamutu, kufunsa ngati madala aja a masamba alipo. Bana Mwape amadutsa njira yomweyo popita ku msika. Akafika pa mpanda amachepetsa liwiro, n'kutembenuza mutu pansi pa beseni, n'kupitirira osanena kanthu.

Adyo yekha ndiye wakana kufa. Amene sanakumbidwe chaka chatha waphukanso mothinana, wobiriwira bii, m'mizere yomwe ija anagweramo. Loweruka lapitali ndinapita ndi khasu kuti ndimuzule yense, ndisamuonenso. Sindinamuzule. Ndi munda wa apongozi. Ndinapalira udzu wa m'mbali, ndinathirira, kenaka ndinakakhala pa kampando kanga chapatali, chipewa pa bondo, moyang'anana ndi benchi.